Ndege ya timu ya Zambia ku Gabon: chinachitika n'chiyani, nanga nkhani ya mzinga inachokera kuti?

Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali a Zambia inanyamuka pabwalo la ndege la Libreville m'dziko la Gabon. Sinapite patali. Patangotha mphindi zochepa inagwera m'nyanja ya Atlantic, pafupifupi mamita 500 kuchokera kugombe, ndipo anthu onse 30 amene anali m'katimo anafera pomwepo. Mwa iwo, 18 anali osewera a timu ya dziko la Zambia, asanu anali asilikali oyendetsa ndegeyo, ndipo otsalawo anali aphunzitsi, dokotala, akuluakulu a zampira ndi mtolankhani mmodzi. Ulendo unali wa ku Dakar, kukasewera ndi Senegal m'mipikisano yolimbirana malo ku World Cup ya 1994.

Zaka zoposa 30 zadutsa, koma mukakhala pansi ndi achikulire okonda mpira ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Chipata n'kuyamba nkhani ya Gabon, simuchedwa kumva wina akunena motsitsa mawu kuti ndege ija sinagwe yokha, anachita kuiwombera. Ena amati asilikali a Gabon anaiyesa ndege ya asilikali aganyu odzalanda boma, n'kuithira mzinga. Ena satchula n'komwe wochita chiwembuyo. Amangoti maboma awiriwa akudziwa zoona ndipo anapangana zokhala chete. Amene amanena izi si amisala ayi, ndipo ambiri sakufuna kunamiza munthu. Koma kuti tione ngati nkhani ya mzingayi ili ndi mutu, tiyenera kuyambira pa ndegeyo, chifukwa mbiri yake ndi yomwe imasiyidwa m'mbali nkhani ikamakoma.

Inali ndege ya mtundu wa de Havilland Canada DHC-5D Buffalo, nambala yake AF-319, yopangidwa mu 1975. Buffalo ndi ndege ya injini ziwiri zamapiko ozungulira, yopangidwira kunyamula asilikali ndi katundu pamaulendo aafupi, n'kumatera pamabwalo afumbi. Sinapangidwire kuwoloka Africa kuchokera kummwera kukafika kunsonga ya kumadzulo. N'chifukwa chake ulendo wa ku Dakar anaudula zidutswazidutswa: kuchoka ku Lusaka kukamwa mafuta ku Brazzaville, kenako ku Libreville, kenako ku Abidjan, n'kukafika ku Dakar. Nanga timu ya dziko inkakweranji ndege yotere? Yankho ndi umphawi. Chuma cha Zambia chinali chitagwa limodzi ndi mtengo wa kopa, moti dzikolo linalephera kuchititsa mpikisano wa chikho cha Africa wa 1988 omwe linapatsidwa, ndipo kampani ya Zambia Airways inali ikupumira m'mwamba, n'kudzatsekedwa mu 1994. Bungwe la mpira la FAZ likasowa ndalama za matikiti, linkapempha ndege kwa asilikali.

Ndege imeneyi inali itakhala pansi miyezi isanu, kuyambira kumapeto kwa 1992 mpaka pa 21 Epulo 1993. Anaiyesa kuuluka pa 22 ndi pa 26 Epulo, ndipo amakaniko anapeza zolakwika m'mainjini: tizidutswa takuda m'zosefera oyilo, mawaya osalumikizika, ndi zizindikiro zoti penapake pankatentha mopitirira. Osewerawo ankaziopa ndege za mtunduwu. Anzawo amene sanakwere nawo ndegeyo anasimba kuti paulendo wina wa ku Madagascar anauzidwa kuti avaliretu majekete oyandamitsa pamadzi pamene ankadutsa pamwamba pa nyanja ya India, ndiponso kuti anyamatawo ankauzana kuti tsiku lina ndegeyo idzawapha. Patsiku la ngozi, vuto la injini linaonekeranso ku Brazzaville, koma ulendo unapitirira.

Anthu amene anakwera ndegeyo sanali timu wamba. Mbadwo wawo ndi womwe unakwapula Italy zigoli 4 kwa 0 pa masewero a Olympic ku South Korea mu 1988. Pagolo panali Efford Chabala. Munali Wisdom Chansa, Derby Makinka, Eston Mulenga, Robert Watiyakeni, Timothy Mwitwa, Samuel Chomba, ndi mnyamata Kelvin Mutale, amene masiku awiri okha m'mbuyomo anali atamwetsa zigoli zonse zitatu pamene Zambia inagonjetsa Mauritius 3 kwa 0. Mphunzitsi anali Godfrey Chitalu, yemwe anthu ankamutcha Ucar, uja a Zambia amati anamwetsa zigoli 107 m'chaka chimodzi cha 1972, ndipo womuthandiza anali Alex Chola. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku timu ya PSV Eindhoven ku Netherlands ndipo amayenera kukakumana ndi anzake ku Dakar. Johnson Bwalya nayenso anali ku Switzerland, pamene Charles Musonda wa timu ya Anderlecht ku Belgium anali wovulala. Onse 30 anaikidwa m'manda pamalo amodzi pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka, pomwe lero pamatchedwa Heroes' Acre. Pulezidenti Frederick Chiluba anagwetsa misozi pamaso pa khamu.

Kwathu kuno maliro ali ndi mwambo wake. Thupi lisanapite kumanda, mwini mbumba amaimirira n'kufotokozera anthu mmene zovutazo zinayambira: anadwala liti, tinapita naye kuti, anatisiya nthawi yanji. Mawu amenewo saukitsa wakufa, koma amatseka pakamwa pa onong'ona. Pa maliro a Gabon panalibe woimirira kunena zimenezi. Mabokosi 30 analowa m'nthaka, anthu anabalalika, ndipo chaka chinatha, zaka ziwiri, zisanu, popanda lipoti. Lipoti la boma la Gabon linadzatuluka mu Novembala 2003, patatha zaka khumi.

Pali zifukwa ziwiri zaluso zomwe zinathandiza kuti chete ameneyu atalike. Choyamba, ndegeyo inalibe black box, makina aja amene amasunga mawu a oyendetsa ndi mmene injini zinkayendera mpaka mphindi yomaliza. Ndege zambiri za asilikali sizinkakakamizidwa kukhala nawo. Chachiwiri, pangano la mayiko la zandege lomwe linasainidwa ku Chicago mu 1944, limene limatsogolera kafufuzidwe ka ngozi ndi katulutsidwe ka malipoti, silikhudza ndege za asilikali. Ndege ya anthu wamba ikagwa pali njira yodziwika yoti itsatidwe. Ya asilikali ikagwa, zonse zimadalira mtima wa maboma okhudzidwa. Osewera a Zambia anali anthu wamba, koma atakwera Buffalo analowa m'dziko la zinsinsi za asilikali. Amalawi sachita kufunika kuuzidwa kuwawa kwa zimenezi, popeza ndege ya asilikali yomwe inapha Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 nayonso inalibe black box, ndipo tonse tinamva mmene manong'onong'o anayakira.

Nanga lipoti la Gabon linati chiyani? Linati ndegeyo itangonyamuka, injini ya kumanzere inagwira moto n'kulephera. Woyendetsa, pofuna kuzimitsa injini yowonongekayo, anazimitsa ya kumanja yomwe inali yabwinobwino. Ndege yomwe inali ikukwera, yodzaza mafuta, inatsala yopanda mphamvu iliyonse ndipo inagwa. Lipotilo linatchulanso nyali yochenjeza yomwe sinkagwira bwino ntchito, komanso kutopa kwa woyendetsa, Colonel Fenton Mhone, amene dzulo lake lomwelo anali atabwera ndi timuyo kuchokera ku Mauritius.

Apa ndi pamene ambiri amapukusa mutu. Amati msilikali wamkulu, wodziwa ntchito yake, angazimitse bwanji injini yabwino n'kusiya yoyaka? Zikumveka ngati bodza lopeka pofuna kukankhira mlandu kwa munthu amene sangadziyankhire. Koma cholakwa chimenechi n'chodziwika bwino pa zandege. Woyendetsa akakhala kutsogolo kuja, makamaka usiku, sadalira maso kuti aone injini. Amadalira mawotchi ndi nyali za patsogolo pake, ndiponso mmene ndege ikupendekera. Injini imodzi ikafa, ndege imakhotera mbali imodzi, phokoso limasintha, mabelu amalira, ndipo munthu amakhala ndi masekondi owerengeka kuti adziwe yafa ndi iti. Pamwamba pa nyanja usiku palibe nyali za m'mudzi zoti zikuuze kuti pansi ndi uku. Nyali yochenjeza ikanama pa nthawi yoteroyo, munthu wotopa amalakwitsa mosavuta. Pa 8 Januwale 1989, ndege ya British Midland ya mtundu wa Boeing 737 inagwa ku Kegworth ku England n'kupha anthu 47, chifukwa oyendetsa anazimitsa injini ya kumanja pamene yowonongeka inali ya kumanzere. Mu Febuluwale 2015 ndege ya TransAsia inagwera mumtsinje ku Taipei n'kupha anthu 43 m'njira yofananayo. Ndege zonse ziwirizi zinali ndi black box, choncho palibe amene amatsutsa zomwe zinachitika. Ya ku Libreville inalibe, n'chifukwa chake nkhani yomweyo imamveka ngati nthano.

Tsono nkhani ya mzinga. Anthu amene anali m'mbali mwa nyanja usiku uja anasimba kuti anaona moto m'mwamba. Umboni umenewu ndi womwe unakhala mbewu ya mphekesera, koma sutsutsana ndi lipoti: injini yoyaka usiku imaoneka patali, ndipo ndege yomwe yangomwa mafuta ikamenya madzi, woonera pagombe sangasiyanitse ndi kuphulika kwa bomba. N'zoonanso kuti Gabon ya nthawi imeneyo sinali pamtendere weniweni. Omar Bongo anali atalamula kuyambira 1967, mu 1990 kunabuka zipolowe ku Port-Gentil mpaka asilikali a France analowererapo, ndipo dziko linali likuyandikira chisankho choyamba cha pulezidenti cha zipani zambiri cha Disembala 1993. Munthu akhoza kuganiza za msilikali wamantha amene chala chake chinali pafupi ndi batani.

Koma nkhaniyi ili ndi bowo lalikulu. Ndegeyo sinali kulowa mu Gabon, inali kutuluka. Inatera pabwalo lalikulu la dzikolo, inamwa mafuta, inapatsidwa chilolezo chonyamuka ndi oyang'anira bwalo lomwelo. Asilikali aganyu amaopedwa akamabwera, osati akamachoka atalipira mafuta. Ndipo mzinga umasiya zizindikiro pa zitsulo za ndege ndi m'matupi a anthu. M'zaka zonsezi palibe amene waonetsa poyera kachidutswa ka mzinga, kalata ya lamulo lowombera, kapena msilikali wovomera kuti anali pomwepo. Omar Bongo anamwalira mu 2009, mwana wake Ali Bongo anachotsedwa pampando ndi asilikali mu Ogasiti 2023, koma ngakhale kugwa kwa banja limenelo sikunatulutse umboni wotere. Ine ndikaika mbali ziwirizi pasikelo, mbali ya injini ndi yomwe ikulemera, ndipo ikulemera kwambiri: ndege yokalamba, yodziwika kuti inali ndi matenda, yomwe inadandaulitsa kale ku Brazzaville maola ochepa m'mbuyomo.

Komabe sindingaseke munthu wa ku Zambia amene amakayika. Lipoti lija linalembedwa ndi unduna wa zachitetezo wa Gabon, kutanthauza kuti woganiziridwa mlandu ndi amene anadziweruza yekha. Ndiponso pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi chichitikireni ngoziyo kunachitika chinthu chomwe chinathira mchere pachilonda. Zambia inali itamanga timu yatsopano mozungulira Kalusha Bwalya, inakachita zokonzekera ku Denmark, ndipo mu Julayi 1993 inagonjetsa Morocco 2 kwa 1 ku Lusaka. Pa 10 Okutobala, ku Casablanca, inkangofunika kufanana mphamvu ndi Morocco kuti ipite ku World Cup koyamba m'mbiri yake. Woyimbira masewerowo anali Jean-Fidèle Diramba, wa ku Gabon. Zambia inagonja 1 kwa 0, a Zambia anadandaula kwambiri ndi kayimbidwe kake, ndipo dandaulo lawo ku FIFA silinaphule kanthu. Kaya Diramba anakondera kaya ayi, amene anasankha munthu wa ku Gabon kuti ayimbire masewero amenewo sanaganizire mitima ya anthu olira. Kuyambira pamenepo dzina loti Gabon linasanduka mawu owawa ku Zambia, ndipo kwa ambiri ngozi ya ndege ndi wezulo wa ku Casablanca zinakhala nkhani imodzi.

Palinso chifukwa china chozama, chomwe anthu akunja akamalemba za "zikhulupiriro za Aafirika" sachiona. Zambia ndi dziko lomwe linaphunzira kale kuti ndege ikagwa, lipoti loyamba silikhala mawu omaliza. Usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Seputembala 1961, ndege ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inagwa pafupi ndi Ndola n'kupha anthu 16. Kafukufuku wa boma la atsamunda anati olakwa anali oyendetsa. Anthu akuda a m'deralo, ena mwa iwo owotcha makala amene anali m'tchire usiku umenewo, ananena kuti anaona ndege yachiwiri ndi moto m'mwamba, koma umboni wawo unakankhidwira pambali. Patatha zaka zoposa 50 United Nations inatsegulanso nkhaniyo, ndipo Mohamed Chande Othman, yemwe anakhalapo mkulu wa oweruza ku Tanzania, anapeza kuti n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inachitidwa chiwembu. Owotcha makala aja mwina ankanena zoona. Onjezanipo Samora Machel, pulezidenti wa Mozambique, amene anafa pa ngozi ya ndege pa 19 Okutobala 1986 ku Mbuzini m'dziko la South Africa akuchokera kumsonkhano ku Mbala, m'Zambia momwemo. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati ndege yake inasocheretsedwa dala ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo ukali wa masiku amenewo unagwera ngakhale Malawi, pamene achinyamata ku Harare anaphwanya maofesi a dziko lathu. Kenako, chaka chisanathe chigwereni Buffalo, pa 6 Epulo 1994, ndege ya pulezidenti wa Rwanda, Juvénal Habyarimana, inawomberedwadi ndi mzinga ku Kigali. Munthu amene wakula ndi nkhani zitatuzi akamva kuti ndege yagwa usiku, m'dziko lachilendo, lipoti kulibe, maganizo ake amathamangira ku chiwembu. Walumidwapo ndi njoka, akaona chingwe amadumpha.

Chomwe chimandiwawa pa nkhani ya mzinga n'chakuti, ngakhale imamveka ngati yolimba mtima, imapulumutsa anthu amene anayenera kuyankha mafunso. Ngati ndege inawomberedwa ndi mlendo ku Libreville, ndiye kuti ku Lusaka kulibe wolakwa. Koma ngati inagwa chifukwa cha injini yodwala, mafunso amabwerera kunyumba, ndipo ndi mafunso okhala ndi mayina. Ndani anasaina kuti ndege yomwe amakaniko anaipeza ndi zolakwika ndi yoyenera kuuluka? Ndani analamula kuti woyendetsa amene wangofika kuchokera ku Mauritius anyamukenso ulendo wautali chotero? Ku Brazzaville, vuto litaoneka, ndani ananena kuti tiyeni tizipita, ndipo ankaopa chiyani akanati aime? Ndalama zomwe zinasowa pogula matikiti a anthu 25 zinapezeka bwanji pokonza maliro a boma? Kuika ana a eni m'ndege yodziwika kuti ndi yodwala si chiwembu cha usiku, koma ndi mlandu ndithu, ndipo pa mlandu umenewu palibe amene anaimapo pabwalo.

Boma la Zambia silinatulutse lipoti lake lonse kwa anthu. Chiluba anachoka, kunabwera Levy Mwanawasa, Rupiah Banda, Michael Sata, Edgar Lungu ndi Hakainde Hichilema, ndipo mabanja akhala akupempha chinthu chomwecho kwa aliyense. Ngakhale chipukuta misozi anachita kuchilimbirana kukhoti. Mu 2002 bwalo lalikulu la milandu ku Lusaka linalamula boma kuti lilipire mabanjawo ndalama zokwana pafupifupi madola 4 miliyoni, patatha zaka zisanu ndi zinayi, ana ena atakula kale movutika ndipo amasiye ena atatsikira kulichete asanalandire kanthu. Boma likamabisa pepala kwa zaka 30, limakhala likuuza anthu kuti m'pepalamo muli chinthu choopsa. Mwina chomwe chilimo ndi manyazi chabe a kusasamala. Koma wosaliona pepalalo ali ndi ufulu woganiza zoipa kuposa pamenepo, ndipo mlandu wa mphekesera sungagwere iye yekha.

Mpira wokha unayesetsa kupukuta misozi. Timu yatsopano ija inafika mu fainolo ya chikho cha Africa ku Tunisia mu 1994, n'kugonja 2 kwa 1 kwa Nigeria ngakhale Elijah Litana ndi amene anayamba kumwetsa. Kenako mu 2012 mpikisanowo unachitikira ku Gabon ndi Equatorial Guinea, ndipo ndondomeko ya masewero inali yoti Zambia ikanaponda mu Libreville pokhapokha itafika mu fainolo. Inafikadi. Masiku ochepa fainoloyo isanachitike, osewera, mphunzitsi wawo Hervé Renard ndi Kalusha Bwalya, amene tsopano anali mtsogoleri wa FAZ, anapita kugombe lija n'kukaponya maluwa m'madzi. Pa 12 Febuluwale anakumana ndi Ivory Coast, timu yomwe inali isanamwetsedwe chigoli ngakhale chimodzi mumpikisano wonse. Didier Drogba anaponya penate m'mwamba, mphindi 120 zinatha popanda chigoli, ndipo Stoppila Sunzu anamwetsa penate yomaliza kuti zithere 8 kwa 7. Anthu ambiri a ku Gabon m'bwalomo ankachemerera Zambia, ndipo chidani cha zaka 19 chinayamba kuzirala usiku umenewo.

Chikho chinapita ku Lusaka, koma sichinayankhe funso la amayi, akazi ndi ana a anthu 30 aja. Chaka chilichonse pa 28 Epulo amasonkhana ku Heroes' Acre, akuluakulu a boma ndi a FAZ amaika nkhata za maluwa pamanda, ndipo woyankhula m'malo mwa mabanja akapatsidwa mpata amapemphanso lipoti.